Mbuzi ya a Maness

Ntchito yanga ndi yonunkha, ndisakunamizeni. Ndimayenda m'makola a ku Balaka ndi kapaipi, kukalowetsa kukhosi kwa mbuzi, n'kupopa timadzi ta m'chifu. Ku yunivesite timafufuza tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakhala mmenemo. Mbuzi payokha singagaye udzu, tizilomboto ndi timene timaigayira, ndiye ife timaziona ngati chamoyo chimodzi. Mu minibasi anthu amandithawa, ndipo kunyumba yanga yalendi ku Liwonde kulibe wondifunsa kuti ndaswera bwanji.

Ku Nkaya anandiimitsa pamsewu bambo wina wachikulire, a Blasius, amene kale ankagwira ntchito ya njanji.

"Amayi, akuti ndinu adokotala a mbuzi."

"Iyayi bambo, ine ndi wofufuza chabe."

"Zilibe kanthu. Tiyeni."

Mbuzi yodwalayo inali m'nyumba mwawo. Pabalaza penipeni, pa mkeka! Nthiti zonse pamtunda, maso olowa, pakamwa duu, osabzikula n'komwe. Inali ya akazi awo, a Maness, amene anamwalira chaka chathachi. Zinzake zinabedwa maliro atangotha, ana ali ku Joni, ndiye bambowa anatsala ndi iyi yokha. Anailowetsa m'nyumba kuti akuba asaione. Madzi ankachita kuiwiritsira, chakudya chake gaga yekhayekha. Itayamba kutsegula m'mimba anaigulira makapusozi pagolosale, n'kumaimwetsa mmawa ndi madzulo osalekeza.

Mtima unandiwira. "Abale inu! Bambo, makapusozi amenewa apha zonse m'mimba mwake, zoipa ndi zabwino zomwe. Mkatimu mwasanduka bwinja!"

Ndinakalipa kwambiri, mpaka ndinachita manyazi.

"Ndiye ifa?" anafunsa.

"Ikapanda kulandira tizilombo tina, ifa ndithu. Tikufunika timadzi ta m'chifu cha mbuzi yathanzi, tikadali tofunda. Khola lapafupi ndi la ndani?"

Anayang'ana pansi. Linali la a Wadson, kutsidya kwa njanji. A Wadson omwewo ndi amene a Blasius anawaloza chala pagulu kuti ndiwo akuba, umboni palibe. Chiyambire tsikulo panalibe munthu wa m'mudzimo woponda pakhomo pawo.

"Pitani nokha, amayi," anatero.

"Aaa, ine ndikapemphe mbuzi za eni m'malo mwanu? Nyamulani fulasikiyi, tizipita."

Tinawoloka njanji. "Odi" wa a Blasius anatuluka wamng'ono ngati wa mwana woba shuga. A Wadson ankamata tayala la njinga, ndipo sanadzutse mutu.

"Mwabwera kudzasaka mbuzi zanu?"

"Ya a Maness ikufa," anayankha a Blasius.

A Wadson anapitiriza kumata kwa kanthawi. Kenako anaika tayala pansi, analowa m'khola, n'kutuluka akukoka mbuzi yonenepa kuposa zonse. Anaigwira okha nyanga ine ndikulowetsa paipi.

Tinathamanga nato timadzito, tinaimwetsa yodwala ija. Ndinabwereranso kangapo sabata imeneyo, thiransipoti yanga, fungo langa. Tsiku lina ndinapeza chibwano chake chikuyenda uku ndi uku, ikubzikula. A Blasius analira, ine ndinanamizira kutsuka paipi.

Koma ndinawauza zoona. "Paipi yokha siikwanira. Iyenera kukhala ndi zinzake, kudya kumene zikudya, kunyambita zimene zikunyambita. Mukaibweza pa mkekapa, tibwerera pomwe tinayambira."

Anaiperekeza okha kukhola la a Wadson, chingwe m'manja. A Wadson anailandira, koma mpando sanawapatse.

Ulendo wanga womaliza ku Nkaya ndinapeza a Blasius ataima m'mbali mwa njanji, akuyang'ana mbuzi zikudya kutsidya. Ya a Maness inali itanenepa, ubweya ukuwala. Anaiitana. Inadzutsa mutu, inawayang'ana, n'kubwerera ku udzu wake.

"Yachira," anatero. "Tiyeni, ndaphika mbatata. Lero simuchoka osadya."

Ndinasangalala, ndikuuzeni. Panali patapita nthawi yaitali ndisanadye ndi munthu. Mkeka uja unali pomwepo pabalaza, wosapinda. Anatsanulira mbatata zonse m'mbale imodzi yaikulu, n'kuiika pakati pathu.

"Amayi, tizilombo timeneti, ndi anthu omwe tili nato?"

"Eya, tambirimbiri."

"Ndiye timapatsirana ngati mbuzi?"

"Timapatsirana. Anthu okhalitsa nyumba imodzi amafika pofanana m'mimba."

Anasiya kusenda mbatata. "Ife tinadyera mbale iyi kuyambira tili achinyamata. Ndiye kuti ta a Maness tikadali mwa ine?"

Pamenepo ndikanangoti eya, basi. Koma pakamwa pangapa sipadziwa kuima.

"Tina tikadalimo. Koma timachepa pang'onopang'ono, bambo. Pamabwera tina."

"Tochokera kwa anthu ena."

"Eya."

Anaika dzanja pamimba. Kenako anadzuka, anapita kuchipinda, n'kubwera ndi kambale kena. Anandisankhira mbatata zazikuluzikulu, mwaulemu wonse, anandiikira pambali. Mbale yaikulu ija anaikokera kwa iwo.

Ndinkadziwa kuti sizithandiza kusunga ta a Maness. Ulendo uno ndinatseka pakamwa, ndinadya zanga.