Madzi a kwa Domingas

Benedita ndinkamuposa ine. Funsani aliyense amene tinaphunzira naye ku Tsangano titangobwerako ku Malawi kothawa nkhondo: mtsikana wamamina uja masamu ankakopera kwa ine. Koma iye anapita ku Maputo, kenaka kunja, ine n'kuthera m'dimba la mbatatesi la amuna anga a Justino. Lero ati a Dotora. Ha!

Atabwera chaka chatha, abusa anamuimika kutsogolo m'tchalitchi ngati mkwatibwi. Akuti amafufuza momwe mankhwala opopera mbewu amalowera m'madzi n'kukawononga ubongo ndi mitsempha ya ana. Akutinso anapanga kachipangizo konga bokosi la machesi: ukadontheza madzi, magetsi amadutsamo, foni n'kunena ngati muli poizoni. Azimayi nthungululu. Ine ndisaname, nsanje inandigwira mpaka nyimbo kundikanika.

Anagawa timabotolo. "Aliyense atunge pachitsime chimene amamwa, mubweretse Loweruka kusukulu." Atafika pa ine anandikumbatira. "Domingas, mnzanga! Mwana wako Nélia ndamuona, manja akunjenjemera. Iwe ndiye usalephere."

Pamaso pa anthu! Mwana wanga ndiye akhale chitsanzo chake? Chitsime chathu chili kumunsi kwa dimba, ndipo a Justino amatsukira bomba lawo lopopera mankhwala pambali pake penipeni. Ndinkadziwa bwinobwino. Koma zoti Benedita aime pagulu n'kulengeza kuti kwa Domingas kuli uve, toto. Loweruka ndinadzera pamjigo wa kuchipatala, n'kudzaza kabotolo kanga pamenepo.

Anayeza ife tikuona. Chitsime cha a Celina, choipa. Cha a Cristina, choipa. Zitsime zisanu za kwathu, zonse zoipa. Atadontheza anga anayang'anitsitsa foni, n'kubwereza kachiwiri.

"Awa ndi abwino," anatero modabwa. "Ndiye za Nélia tifufuza kwina. Amayi, mwamva: mjigo uli kutali, choncho ana azimwa a kwa Domingas mpaka titakonza zinazi."

Anthu anandiombera m'manja. Ine, osati iyeyo! Ndinabwerera kunyumba ndikunyang'wa, ndipo zinandikomera, sindikana.

Lolemba m'mawa ndinamva zidebe zikulira. Kutuluka panja, mzere kuchokera pachitsime mpaka pamtengo wa mapichesi. Bomba la a Justino linali gone paudzu pomwepo, likudontha zoyera ngati mkaka. A Celina anali patsogolo. Anatunga, anathira m'kapu, n'kugwada kuti amwetse kamdzukulu kawo kongoyamba kumene kuyenda.

Ndinathamanga n'kuwaphumitsa kapuyo.

"Mwapenga kodi, mayi a Nélia? Angokutamani dzana, lero mwayamba kumana madzi?"

"Tayani onsewo! Munthu asamwe!"

Ndinatunga m'botolo ndekha, ndinakwera njinga yamoto mpaka komwe Benedita ankafikira. Ndinamupeza akulongedza katundu. Ndinaulula zonse ndili chiimire pakhomo, za mjigo, za bomba, ngakhale za masamu aja. Ndinkafuna andikalipire kuti nane ndipeze pomuyankhira.

Sanakalipe. Anadontheza madziwo, anayang'ana foni, n'kukhala pansi pang'onopang'ono.

"Domingas, Nélia wakhala akumwa amenewa kuyambira liti?"

Ine wodziwa masamu uja, panalibe choti ndiwerengere.

"Chibadwire," ndinatero.