Mkodzo Utatsekeka kwa a Rowland

Tsiku limene a Rowland anatsika m'bwato atagwira pamimba, osathanso kukodza ngakhale dontho, mkazi wawo Marita anapsa mtima. Vutoli silinayambe tsikulo. Chiyambire dzinja, mkodzo wa bamboyu unkangodontha, nthawi zina ndi magazi, koma iwo ankati ndi likodzo chabe. Ku Nkope msodzi wokodza zofiira sadabwitsa munthu, moti anzawo okoka nawo khoka la chilimira ankangowaseka kuti abwerera ku unyamata.

Mizu ya kwa sing'anga itakanika, a Rowland analoza chala katemera wa nthomba amene ayufi, achinyamata a chipani, anandandalitsa mudzi wonse kuti ulandire. Ankanena monong'ona, poopa a chipani, kuti katemerayo ndiye wawatseka, ndipo kuchipatala sakapondako. Makani a nkhalamba ndi otopetsa zedi.

"Mukufuna mufere pamkeka pano chifukwa cha kachipsera ka pamkono?" anakalipa Marita. "Inenso ndinatemeredwa tsiku lomwelo, bambo. Bwanji ine sindinatsekeke?"

Anamenyetsa chitseko n'kukaitana a Dinala, a zaumoyo oyandikana nawo. Nawonso sanabise mkwiyo ataona mimba yotupayo. Anafotokoza kuti pansi pa chikhodzodzo cha mwamuna pali kachiwalo kotchedwa pulositeti. Munthu akamakalamba kamakula n'kupana njira ya mkodzo, ndipo nthawi zina chotupacho chimakhala khansa. Anati akatswiri akufufuzabe ngati pali tizilombo toyambitsa khansayo, koma palibe umboni woti katemera amaiyambitsa.

"Katemera wakutetezani ku nthomba, achimwene," anatero a Dinala. "Chimene chingakupheni ndi kuchedwaku."

A Rowland anayamba kuwiringula, koma Marita anali ataimitsa kale lole ya nsomba yopita ku boma. Anawakweza pakati pa madengu a usipa, ukali usanamuthere.

Kuchipatala anawaika kapaipi, mkodzo n'kutuluka, ndipo bamboyu analira misozi ndi mpumulo. Atawapima anapeza kuti chotupacho si khansa, ndipo opaleshoni inawachiza. Koma dokotala anauza Marita kuti akanachedwanso pang'ono, impso zikanafa. Apo m'pamene mkwiyo wake unasanduka misozi, poona kuti umasiye unali utafika kale pakhomo.

Mwamuna wachikulire akamavutika kukodza, kapena akaona magazi mu mkodzo, asadzigamulire yekha matenda, ndipo asanamizire katemera. Apite kuchipatala msanga akapimidwe, impso zikadali zamoyo.