Lamulo la Mchenga wa Kummwera

Chikatapila chokumbira mchenga chinabwera pa chombo Lachisanu, anthu ake nachiimika kummwera kwa mudzi. Chinangokhala pamenepo, mkono uli m'mwamba, osalira, osasuntha. Anatiuza kuti pakapita sabata, Lolemba linalo, chiyamba kukumba.

Chimene ankafuna kukumba ndi kamtunda ka mchenga kamene kali kuseri kwa nyumba ya amayi. Ndikuti kamtunda mongolemekeza, poti munthu wamtali akaima m'munsi mwake amaona nyanja bwinobwino. Koma ndi komweko kamene kamatchinga madzi amchere kuti asafike pachitsime chathu ndi m'maenje a babai, koko amene amayi akhala akumudyetsa masamba ovunda kuyambira ndisanabadwe. Mchengawo unali wokamangira khoma kumpoto, kumene nyanja inali itayamba kale kulowa m'makhitchini a anthu. Chilumba chathu chili ngati bulangete lalifupi, ukafunda kumutu mapazi amakhala pambalambanda.

Ine ndine Aroita, kalaliki wa khonsolo ya pachilumba. Anthu amati ndili ndi pakamwa, ndipo sanama. Tsiku lomwelo ndinaimbira Ruiti, mnzanga wa kusekondale amene ndi loya ku Tarawa, likulu la dziko lathu.

"Lamulo lilipo," ndinatero. "Khonsolo inaletsa kukumba mchenga kummwera agogo ako asanathothoke mano. Aliyense akudziwa."

"Aliyense ameneyo ubwere naye kukhoti adzalumbire," Ruiti anayankha. "Iwe Aroita, woweruza sadya mphekesera. Lamulo la dziko lonse silitithandiza, anthuwo chilolezo anatenga bwinobwino. Chatsala ndi kalamulo kanu ka pachilumbako. Ukapeze, ka chidindo, kosainidwa, ukwere nako ndege ya Lachinayi. Lachisanu ine ndikaimitsa chikatapilacho."

"Ndikangokujambulira pafoni?"

"Adzati walemba wekha pansi pa mtengo. Ndikufuna chenichenicho."

Ndinayambira mu ofesi mwathu momwe. Kabati ya mapepala akale ndinachita kuitsekula ndi chikwanje chifukwa cha dzimbiri. Chaka china madzi aakulu analowa mu ofesimo mpaka m'mawondo, ndipo zimene ndinapeza m'munsi mwa kabatiyo zinali chibuma chimodzi chouma, chonunkha, mphemvu zitamangamo mudzi. Malamulo a zaka makumi atatu anali atagwirana kukhala njerwa.

Loweruka ndi Lamulungu ndinakhalira kompyuta. Intaneti yathu imabwera ngati mlendo wamanyazi, ikangosuzumira yabwerera. Ikabwera ndinkalemba zonse zimene mutu wanga unaganiza: malamulo a zachilengedwe, zilumba zing'onozing'ono, mchenga, dzina la chilumba chathu. Zinkatuluka zambirimbiri. Malamulo a maiko akuluakulu, mapangano a m'misonkhano, zolemba za anthu ophunzira kwambiri zofotokoza chaka chimene tidzamire. Ndinapsa mtima. Anthu amene sanalaweko madzi a m'chitsime chathu anali atatilembera kale maliro, masamba mazanamazana, koma tsamba limodzi lokha limene ife tinadzilembera panalibe.

Laibulale ina ya kuyunivesite, kutsidya kwa nyanja, inandiyankha Lolemba. Mayi wake anali waulemu. Anati pamndandanda wawo lamulolo likuoneka, nambala yake ndi chaka chake, koma mawu ake sanawafikepo. Ruiti naye anatuma munthu kosungira zikalata zakale, nabwerako chimanjamanja. Lamulo lathu linali ngati m'bale amene aliyense amamutchula dzina koma palibe ali ndi chithunzi chake.

Masiku amenewo mwezi unali pafupi kukhala, nthawi imene nyanja imadzaza kwambiri, ndipo madzi ankakwera tsiku ndi tsiku. Mvula inali isanagwe kwa milungu itatu, koma mumsewu munayamba kuoneka zithaphwi. Madziwo ankachokera pansi. Nkhanu zinasamuka kugombe n'kumalowa m'nyumba masanasana, agalu osaziuwa n'komwe.

Amayi ndi amene anandikumbutsa za buku lobiriwira. Kalaliki wakale, malemu a Tiribo, ankamata lamulo lililonse la khonsolo m'buku lalikulu la chikuto chobiriwira, ndipo ankalisunga kunyumba kwawo poti ofesi inkadontha. Lachiwiri m'mawa ndinapalasa njinga kupita kwa mkazi wawo wamasiye, Nei Bwenaata. Ndinawapeza akuluka mphasa.

"Buku la amuna anga? Aa, mwanawe, wachedwa ndi zaka khumi. Aphunzitsi aakulu analichita bubuti."

"Buku la boma, agogo? Munangopereka?"

Anasiya kuluka n'kundiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. "Nanga ukanatani iweyo? Munthu wakhala pamphasa yako, wanena mawuwo. Sukulu inakuphunzitsa kukana?"

Ankanena zoona. Kwathu munthu akakhala pansi n'kunena kuti bubuti, nkhani yatha. Ukhale ukonde watsopano, ikhale njinga, ngakhale mwana woti akamulere, umapereka nkhope ili gwa, mtima ulire wokha m'kati. Mawa iwenso udzakhala pamphasa ya wina. Pachilumba chopanda kothawira, ndi mmene takhalira osafa ndi njala.

Khotekhote ngwa njoka, utsata kumene kwaloza mutu. Aphunzitsi aja anali atapuma ntchito, ndipo anaseka nditawafunsa. Iwo malamulowo analibe nawo ntchito, chimene ankafuna ndi masamba osalembedwa a kumapeto. Koma asanalembemo kanthu mlamu wawo analipempha kuti azisindikizira masamba a fodya, poti linali lolemera. Mlamuyo ndinamupeza akukonza bwato. Anakanda mutu nthawi yaitali, kenako anati, "Funsani a kwaya. Nyimbo zawo zonse zili mmenemo."

Kwayayo ndi ya tchalitchi cha kumpoto.

Lachitatu masana ndinafika kutchalitchiko ali pa mayeso a nyimbo. Anali amayi ndi abambo pafupifupi makumi awiri, onse a m'nyumba zimene khoma lija linkayenera kuteteza. Nditangolowa nyimbo inaduka. Palibe chobisika pachilumba, onse ankadziwa chimene ndakhala ndikusaka. Bukulo linali pamiyendo ya mtsogoleri wa kwaya, mayi wina wonenepa dzina lake Teaote, chikuto chitasuluka, chomangidwa ndi chingwe cha kokonati.

"Kodi afika a boma?" anatero Teaote. "Mwabwera kudzaimba? Mawu anu aja okalipira anthu mu ofesi akhoza kutithandiza kumabesi."

Ena anaseka, koma kuseka kwake kunali kouma.

Ndikanatha kunena kuti bukulo ndi katundu wa khonsolo. Akanandiuza kuti ndibwere mawa, ndipo mawa likanakhala litasowa. Ndiye ndinavula nsapato, ndinakhala pamphasa patsogolo pake, ndinaweramitsa mutu n'kunena mawu aja.

Teaote anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako ananyamula bukulo ndi manja awiri n'kuliika pamiyendo yanga.

"Tenga," anatero. "Wadziwa pogwira."

Ndinalitsekulira panjira, pansi pa mtengo. Kumapeto kunali nyimbo, pakati madontho a fodya. Koma tsamba lija linalipo. Lamulo lachisanu ndi chiwiri, lotayipidwa pa makina akale, chidindo chofiirira chikuonekabe, ma siginecha atatu m'munsi. Munthu aliyense asakumbe kapena kuchotsa mchenga, miyala kapena nsangalabwi ku gombe la kummwera. Mizere isanu ndi umodzi yokha. Ndinalira, ndisaname, ndipo ndinaimbira Ruiti ndikulirabe.

"Usalisiye pansi," iye anatero. "Ugone nalo, ukasambe nalo."

Lachinayi ndinadzuka molawirira. Ndinakulunga bukulo m'pulasitiki, ndinavala diresi yanga ya kutchalitchi. Ndikumwa tiyi pakhonde ndi amayi, ndinaona munthu akubwera wapansi mumsewu, akudumpha zithaphwi pang'onopang'ono. Ndinawadziwira kayendedwe. Anali malume anga a Kaiarake, mchimwene wawo wa amayi, a kumpoto.

Bambo anga anapita kukawedza ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi ndipo sanabwerenso. Amene anandilera ndi malumewa. Anandiphunzitsa kusambira atandigwira pamimba. Tsiku limene ndinkapita kusekondale anandinyamulira sutikesi pamutu mpaka pa chombo, amuna anzawo akuwaseka. Chikhalire sanandipemphepo kanthu, ngakhale machesi.

Anavula nsapato, nakhala pamphasa. Amayi anawathirira tiyi. Anafunsa za babai, anafunsa za mwendo wa amayi, anadandaula kuti nsomba zathawira kutali. Maso awo sanapite pa pulasitiki imene inali pamiyendo yanga, ngakhale kamodzi.

"Wanenepa, mwanawe," anatero. "Mpando wa boma ukukukonda."

"Ndi mtima wabwino, malume."

"Mtima wabwino iwe? Unayamba liti?"

Tinaseka tonse atatu. Kenako anaika kapu pansi.

"Dzulo madzi anafika pa bedi," anatero motsitsa mawu. "Azakhali ako ndinawanyamula kukawagoneka kwa aneba. Mtengo uja unkakwera uli mwana unagwa Lolemba, mizu m'mwamba. Khoma likapanda kumangidwa mwezi uno, wa mawa sitiupeza tili m'nyumba imene ija. Sindinabwere kudzakangana nawe za malamulo, ine sindinaphunzire. Sindikukulamula."

Anaweramitsa mutu. Ndinafuna kuthawa, ndinafuna kutseka makutu ngati mwana.

"Bubuti, mwana wanga. Ndipatse bukulo."

Kuseri kwa nyumba nyanja inkamenya kamtunda kaja, ndipo phokoso lake linali pafupi kuposa masiku onse. Ndinayang'ana amayi. Chitsimecho ndi chawo, babai ndi wawo, nyumba imene ikanatsala pamadzi ndi yawo. Ndinkayembekeza kuti anena kanthu kondipulumutsa.

"Apatse malume ako," anatero amayi, maso ali pansi.

"Amayi, akakumba paja chitsime chifa. Mudzamwa chiyani?"

"Ndati apatse. Tisachite manyazi pakhomo pano."

Mkwiyo umene unandigwira sindinaumvepo chibadwire. Ndinakwiyira amayi, ndinakwiyira malume chifukwa chobwera mwaulemu chotero, ndinakwiyira Teaote amene anadziwa bwino woti amutume. Dzulo lake lomwelo ine ndinali nditagwiritsa ntchito mawu omwewo, ndipo anthu amene nyumba zawo zikumira anandipatsa ndi manja awiri. Ndinkadziwa zimenezo. Ndinkadziwanso kuti bukulo likachoka pamiyendo yanga, madzulo likhala phulusa.

"Ayi, malume."

Mawuwo anatuluka aang'ono, koma anamveka. Amayi anagwira pakamwa. Malume anakhala kanthawi mutu uli chiweramire, ngati akudikira kuti mwina ndiwonjezera kena. Sindinawonjezere. Anadzuka movutikira, atagwira bondo, anathokoza amayi chifukwa cha tiyi, anavala nsapato n'kumapita.

Amayi analowa m'nyumba. Ndinatsanzika pakhomo, sanayankhe.

Bwalo la ndege lili kumpoto, ndipo msewu ndi umodzi. Lole imene imanyamula a paulendo inandidutsa ndikuikwezera dzanja, dalaivala akuyang'ana kutsogolo. Nkhani inali itafika kale. Ndinayenda wapansi, buku lili pachifuwa. Azimayi amene ankachapa pazitsime ankatembenuka kundipatsa msana. Pa maneaba, nyumba ya misonkhano ya mudzi, pamene akuluakulu amakhala m'mawa uliwonse ndipo sadutsa munthu osamufunsa kumene akupita, palibe anandifunsa.

Nditalowa kumpoto ndinavula nsapato, chifukwa msewu unali madzi. Ndinali ndisanafikeko kuseri kwa tchalitchi kwa miyezi iwiri, ndipo zimene ndinaona sindinazikonzekere. Makhitchini ena anali atatsala mizati yokha. Nkhumba anazimangirira pamwamba pa nsanja. Mphika wa wina unkayandama pabwalo, ukuzungulira wokha.

Nyumba ya malume, imene ndinakuliramo, inali ndi madzi mpaka pa sitepe yachiwiri. Iwo anali atafika kale, atapinda thalauza, akudzaza miyala m'matumba a mpunga n'kumawasanja pakhomo. Anali okha. Thumba lililonse ankalikoka kawiri asanalidzutse.

Ndinaima. Sindikudziwa chimene ndinkafuna kunena. Mwina ndikanati khoti likhoza kulamula kuti mchenga ukatengedwe kwina, ngakhale tonse tinkadziwa kuti kwinako kulibe. Kumwamba ndege inali itayamba kumveka.

Malume anaweramuka, anapukuta manja m'malaya. Anandiyang'ana bwinobwino, wopanda mkwiyo, mmene munthu amayang'anira mlendo amene watsika pa chombo. Kenako anavula chipewa.

"Muyende bwino, a Kalaliki," anatero, n'kuweramira thumba lina.