Mabatani Akuda Bii

Amuna anga akangoonera kanema mmodzi pa foni, basi asanduka katswiri. Ulendo uno anagwa m'chikondi ndi penti. Galimoto imene bambo anga anatipatsa maso awo atayamba kuchita chidima inali itasuluka mkati, mapulasitiki onse ali mbuu. Bambowo ankabwera Loweruka kudzacheza, ndipo amuna anga anafunitsitsa kuti apongozi aone kuti mkamwini amadziwa kusamala chinthu. Chikwatiranireni, bambo anali asanawayamikirepo, ndipo zimenezi zinkawadya mumtima.

Anazula zonse, zogwirira zitseko, chimango cha wailesi, timabatani ta mphepo ndi ta mawindo. Anazitsukira m'beseni langa lochapira, kuzikwecha ndi sandipepa, n'kuzipachika ndi waya pa chingwe choyanikira zovala. Kenako anapopera penti wakuda mopyapyala, kudikira kuti aume, n'kupoperanso. Ndisaname, zinatuluka zokongola, moti ndinawakhululukira za timadontho takuda pa bulauzi yanga.

Atabwezeretsa zonse m'malo mwake m'pamene tinaona vuto. Penti uja anali atakwirira tizizindikiro tonse. Batani lililonse linali lakuda bii, losasiyana ndi linzake.

Loweruka tinakawatenga bambo pokwerera basi, dzuwa likuswa mtengo. Anakhala kutsogolo, ine kumbuyo. Amuna anga pofuna kuziziritsa apongozi anapotoza batani lina, mphepo yotentha n'kutiwomba kumaso. Anadina lina, windo lakumbuyo linatsika. Atadinanso lina, magetsi a ngozi anayamba kuphethira. Ine ndinkaluma mlomo kuti ndisaseke, koma nditaona thukuta likuyenderera m'khosi mwa amuna anga, chisoni chinandigwira.

Anaimika galimoto pambali pa msewu.

"Bambo, ndapenta zizindikiro zonse," anatero chapansipansi. "Ndaononga galimoto yanu."

Bambo anatambasula dzanja, zala zikuyenda pa mabatani aja ngati zikulonjera abale. Anadina apa, n'kupotoza apo. Magetsi anazima, windo linakwera, mphepo yozizira inatipeza. Koma dzanja silinachoke. Linapitiriza kusisita chimango cha wailesi mpaka m'makona, ndipo bambo anafunsa kuti wakwecha pamenepa ndani. Amuna anga anavomera ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'manja.

"Zizindikirozo ine ndinasiya kalekale kuziona," anatero bambo. "Koma zala zanga sizinama. Palibe pokhakhala ngakhale pamodzi. Muli ndi dzanja labwino, mwana wanga."

Tsiku limenelo amuna anga anapitirira pokhotera kwathu chifukwa chomwetulira.

Patapita masiku ndinawagulira timapepala tomata tokhala ndi zizindikiro. Mpaka lero tikadali m'pulasitiki mwake. Tikati tiyende ulendo uliwonse, amayamba adzera kwa bambo kukawatenga, ati sitinganyamuke popanda wodziwa mabatani. Ndipo bambo, amene ankangokhala pakhonde tsiku lonse, timawapeza atavala kale nsapato.