Kachigoba M'mphuno mwa Kabwana

Mkazi wanga amagwira ntchito mu bekale. Tsiku lililonse amadzuka tambala asanalire kukakanda ufa, ndipo akaweruka masana amapeza ana awiri akumudikira pakhomo ngati anapiye. Choncho titafika m'mudzi wina wa m'mbali mwa nyanja ya mchere, kumene tinachita lendi kanyumba ka zipinda ziwiri kwa masiku asanu, ndinamulonjeza chinthu chimodzi.

"Amayi, mawa mugone mpaka tulo tithe tokha. Anawa muwasiye m'manja mwanga."

"Inuyo bambo? Muwatha?"

"Ndimatsitsa injini ya lole ndekha ine. Tiana tiwiri tingandikanike?"

Anangoseka n'kutembenukira kukhoma.

Ine ndine makaniko. Mwana wathu wamkulu ndi wamkazi, wa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo timamutcha Wailesi chifukwa chilichonse chimene waona amachiulutsa. Mlongo wake ali ndi zaka ziwiri ndi theka. Iyeyo ndi Kabwana, poti sapempha, amangoloza ndi chala n'kudikira kuti antchito ake athamange.

M'mawa mwake tinamwa tiyi pakhonde monong'onezana, kenako tinatuluka nsapato zili m'manja. Kanjira kopita kunyanja kanadutsa pakati pa nyumba zopaka laimu. Maukonde anali atayanikidwa pamitengo, ndipo pakona panali golosale yokhala ndi benchi yaitali pakhomo. Titafika pamchenga Wailesi anaima chilili.

"Adadi, nyanja yathawa!"

Zoonadi madzi amene dzulo lake ankamenya pafupi ndi maboti anali atabwerera kutali, n'kusiya mchenga wonyowa ndi timadamu tokhala ndi tinkhanu. Ndinamufotokozera kuti nyanja imeneyi imapita n'kubweranso yokha. Sanandikhulupirire, koma anaiwala msanga ataona zigoba za nkhono zili mbwee paliponse. Anayamba kutolera m'kabeketi, Kabwana akumutsatira pambuyo, kabudula atalemera kale ndi mchenga.

Ndinakhala pansi n'kutambasula miyendo. Foni ndinali nditaisiya m'nyumba. Panalibe wondiitana kuti galimoto yafera pamsewu, panalibe fungo la oyilo. Ndinamva mapewa anga akutsika okha.

Ndiye ndinamva injini ikutsokomola.

Chapafupi, msodzi wina wa imvi ankakoka chingwe cha injini ya boti lake, limene linali m'kangalande kotsala madzi. Akakoka, injini inkalira kawiri n'kuzima. Ndinayesetsa kuyang'ana kumbali. Koma makaniko kumva injini ikudwala kuli ngati mayi kumva khanda la eni likulira. Ndinayang'ana ana, ndinaona akusewera bwinobwino kutali ndi madzi, ndipo ndinasendera.

"Achimwene, mwaiona pulagi?"

"Ndasintha dzulo lomweli," anatero msodziyo.

"Ndiye ndi mafuta sakufika. Mundibwereke sipanala."

Anandikankhira bokosi la zida. Ndikulumbira, sipanathe mphindi zisanu. Ndinali nditangomasula kapaipi ka mafuta pamene ndinamva wina akundikoka malaya.

"Adadi, Kabwana wasunga chigoba m'mphuno."

"Wasunga bwanji?"

"Kabudula wake alibe thumba."

Ndinaponya sipanala. Kabwana anali atakhala pamchenga, miyendo tang'a, nkhope yosonyeza kukhutira ngati munthu amene wamaliza ntchito yake bwino. Ndinamupendeketsa mutu kuloza kudzuwa. M'bowo la kumanzere, mkatikati, munkaoneka kanthu koyera.

"Mina, mwanawe. Chita chonchi." Ndinamusonyeza, kupemerera mpweya kunja ndi mphuno yanga.

Anandiyang'anitsitsa, kenako anakokera mpweya mkati mwamphamvu. Kanthu koyera kaja kanalowerako pang'ono.

"Ayi! Usatero! Basi, basi, pumira pakamwa."

Mawu anga anamuopseza, milomo inayamba kunjenjemera. Ndinkaganiza za kachigobako katatsikira m'mapapo, ndinkaganiza za madokotala ndi mipeni yawo, ndinkaganizanso za nkhope ya mayi ake.

"Chipatala chili kuti?" ndinafunsa msodzi uja, amene anali atabwera kudzaona.

"Kutauni, ulendo wa ola lathunthu, ndipo basi imadutsa masana. Koma yambani mwapita pagolosale apo. Amayi a pamenepo anali anamwino. Mbedza zonse zimene zimatibaya m'zala amatichotsa ndi iwowo."

Ndinanyamula Kabwana. Ndisananyamuke ndinaona kapulayazi kosongoka m'bokosi muja, ndipo ndinakatenga osapempha n'komwe. Wailesi ankathamanga pambuyo panga, kabeketi kakulira gobedegobede.

"Adadi, tikawadzutse amami?"

"Tikalephera apa tikawadzutsa."

"Akakukalipirani?"

"Yenda, iwe."

Amayi a pagolosale anali achikulire, onenepa, magalasi atapachikidwa pakhosi ndi kachingwe. Tinawapeza akusanja mabotolo m'furiji. Ndisanatsegule pakamwa Wailesi anali ataulutsa kale zonse, kuphatikizapo zoti adadi ankakonza injini ya eni.

Amayiwo anavala magalasi, anatenga tochi pashelefu n'kuunika m'mphuno mwa mwanayo.

"Ndakaona. Sikanapite kutali."

"Ndabweretsa aka," ndinatero, kuwasonyeza kapulayazi. "Mukamugwira mutu, ndikhoza..."

"Bwezani m'thumba chimenecho, bambo. Mwana si kabuleta ya galimoto. Mukakagunda kokha kalowa kumene sitingakafikire."

Ndinabweza mwamanyazi.

"Mugonekeni pabenchi apo. Mumuuze kuti mukufuna kumupsompsona. Mutseke bowo labwinolo ndi chala, muike pakamwa panu pakamwa pake, mupemerere kamodzi mwamphamvu ngati mukuzima kandulo. Mpweyawo ukankha kachigoba kuchokera kumbuyo."

"Sizimupweteka?"

"Angodabwa basi. Zikakanika kawiri katatu, mwana wanga ali ndi njinga yamoto, akuperekezani kuchipatala. Tiyeni."

Ndinamugoneka Kabwana. Amayiwo anamugwira mutu mofatsa, akumuyankhulitsa za nsomba ndi maboti.

"Kabwana, adadi akupsompsone?"

Anagwedeza mutu. Ndinatseka mphuno, ndinawerama, ndinapemerera. Palibe chinachitika. Mwanayo anangotuzula maso.

"Ameneyo ndi mpweya woziziritsira phala," anatero amayi aja. "Thupi lonseli? Pemererani ngati mwamuna."

Ndinapuma, n'kuweramanso. Ulendo uno ndinapemerera ndi mtima wonse. Ndinamva kanthu kakundimenya patsaya, kenako kakugwera pasimenti, kuti ke! Wailesi anakuwa.

"Katuluka! Adadi, muli ndi mamina kumaso!"

Kachigobako kanali kakang'ono ngati nyemba, kozungulira, kokongola ndithu. Kabwana anayetsemula kawiri, anadzuka, n'kundigwira makutu onse awiri.

"Kenanso!"

Amayi a pagolosale anaseka mpaka magalasi anagwera pachifuwa. Anaunikanso m'mabowo onse, anamvetsera mmene mwanayo ankapumira, ndipo anati mulibe magazi ngakhale chotsalira.

"Mukaona mamina onunkha kapena magazi masiku akubwerawa, mupite naye kuchipatala. Koma sindikuona vuto. Nanga inuyo bambo, muli bwino?"

Apo m'pamene ndinazindikira kuti ndakhala pabenchi osadziwa. Amayiwo anandipatsa madzi m'kapu ndi kansalu kopukutira kumaso.

"Musadzidye mtima. Zaka zonse zimene ndinagwira ku wodi ya ana ndinachotsa nyemba, mikanda, mabatani, chofufutira cha pensulo. Wina anabwera ndi kataya ka galimoto ya chidole. Ndipo nthawi zonse kholo limati ndinangotembenuka pang'ono."

Kabwana anali akuloza kachigoba kaja pansi, akufuna katundu wake. Amayiwo anakatola n'kukaponya padenga.

"Kapita kwawo," anamuuza. M'malo mwake anamupatsa chigoba chachikulu ngati chikhatho changa, chimene ankatsamiritsira chitseko. "Ichi chikalowa, mudzandiitane ndidzaone."

Tinabwerera kunyanja kukabweza kapulayazi. Msodzi uja anali atapemerera kapaipi kaja n'kukabwezera yekha, ndipo injini inkalira bwino. Anamugwira Kabwana pamutu n'kunena kuti akadzakula adzakhala wosunga katundu. Tinakhala pamthunzi wa boti lina lovundikiridwa, ndipo ndinasankha m'kabeketi muja chigoba chimodzichimodzi. Chilichonse chochepa kuposa chala changa chachikulu ndinachitaya.

Pobwerera kunyumba ndinamugwira Wailesi paphewa.

"Tamvera. Amayi ako ndiwauza ndekha. Akayambe amwa tiyi kaye. Wamva?"

"Ndamva."

"Ukhala chete?"

"Ndiyesa, adadi. Koma ikundiyabwa pakamwa."

Chitseko cha kuchipinda chinatseguka dzuwa litatsala pang'ono kufika paliwombo. Mkazi wanga anatulukira pakhonde tsaya lili ndi mizere ya pilo, maso ali ang'onoang'ono. Anadziwongola mpaka mafupa analira.

"Mayo ine. Ndinaiwala kuti munthu amatha kugona chonchi. Mwayenda bwanji?"

"Tayenda bwino," ndinatero, ndikumuthirira tiyi.

Wailesi anadzigwira pakamwa ndi manja awiri. Anapirira mpaka mayi ake atamwa kamodzi.

"Amami, Kabwana analowetsa chigoba m'mphuno, adadi ankafuna kumuchotsa ndi pulayazi, agogo a pagolosale anawakalipira, ndiye adadi anamupsompsona, mamina n'kuwagwera kumaso!"

Mkazi wanga anaika kapu pansi. Anamukoka Kabwana, anamupendeketsa mutu, anayang'ana m'mphuno, anaika khutu pachifuwa pake. Ine ndinafotokoza zonse mwadongosolo, injini yomwe osaibisa. Nditamaliza ndinadikira chiweruzo.

Anandiyang'ana, kenako mapewa ake anayamba kugwedezeka.

"Mukuseka?"

"Bambo, pali nkhani imene sindinakuuzeni. Uyu," analoza Wailesi, "ali ndi zaka ziwiri, analowetsa batani la malaya anu m'mphuno ine ndikusita. Ndinathamanga naye kuchipatala nditavala patapata imodzi. Inu munali kuntchito. Madzulo munangondifunsa kuti batani lapita kuti, ine n'kuti lagwa pochapa."

"Zaka zinayi zonsezi?"

"Ndinkaopa kuti muziti ndine wosasamala."

"Ine lero ndaopa zomwezo."

Amene anakwiya ndi Wailesi. Anaimirira manja m'chiuno.

"Nkhani ya ine, koma ineyo osaidziwa? Linali batani la mtundu wanji? Ndinalira? Adokotala anati chiyani?"

Mayi ake anamufotokozera kawiri konse asanakhutire.

Masana titadya tinapita kunyanja tonse anayi. Madzi anali atabwerera mpaka pamaboti paja, obiriwira, ofunda. Mkazi wanga anali asanalowepo m'nyanja ya mchere chibadwire. Anakwinya diresi mpaka m'maondo n'kulowa pang'onopang'ono atandigwira mkono, ine Kabwana ali paphewa. Anaviika chala n'kulawa.

"Iii, anathira ndani mchere wonsewu? Ku bekale akanamuchotsa ntchito."

Asanamalize kuseka, funde linabwera n'kumukhazika pansi, madzi mpaka m'khosi. Ndinatambasula dzanja kuti ndimudzutse, koma anakana.

"Ndisiyeni kaye. Muli bwino muno."

Wailesi anadzigwetsera pambali pake dala. Ndinamutsitsa Kabwana n'kumukhazika pamiyendo ya mayi ake, ndipo nanenso ndinakhala pansi m'madzimo ndi malaya omwe. Tinakhala choncho pamzere, mafunde akutikankha n'kutikoka, mpaka zala zathu zinachita makwinya ndipo ana anayamba kudandaula njala.