Kopolo Watisiya

Nesi wa pachipatala cha asilikali opuma anatembenuza kompyuta kuti make mapasa adziwonere yekha.

"Mayi, ine sindikukana. Koma munthu mukunenayu anamwalira zaka makumi anayi zapitazo. Malemu sitiwapatsa bedi."

"Malemuwo ndawasambitsa m'mawa uno," anatero make mapasa. "Andikalipiranso kuti madzi azizira."

Nesi sanaseke. Anam'patsa fomu, n'kumuuza kuti mwini wake adindepo chala, kenako apite nayo ku ofesi yosunga mafayilo a asilikali akakonze cholakwikacho.

Bambo ake a make mapasa, omwe aliyense mumsewu mwawo ankangowatchula kuti a Kopolo, anali ndi bala paphazi lamanzere. Linayamba ngati kathuza, koma chifukwa cha shuga silinapole, ndipo tsopano phazi linali litada mpaka m'kakolo. Dokotala wa pakiliniki ananena mosabisa kuti akachedwa sabata ziwiri phazi lidulidwa. Kuchipatala chachikulu kunali mzere wa miyezi itatu. Ku cha asilikali mabedi anali mbee, opanda anthu. Make mapasa anawaona ndi maso ake.

Atafika kunyumba anawapeza pampando wawo wa pabalaza, akupolisha jombo zomwe sanazivalepo chibadwire mwana wawoyo.

"Ababa, mumadziwa kuti munafa?"

"Ndimadziwa."

"Mumadziwa! Ine tsiku lonse kuima pamzere ngati chitsiru, inu mukudziwa?"

"Zisiye momwemo, mwanawe."

Make mapasa anakhala pamkono wa sofa, nsapato osavula. Miyendo inkawawa. Kwa nthawi yoyamba a Kopolo anayamba kulankhula za kunkhondo, maso ali pa burashi.

"Tinalipo khumi, tikulondera mlatho. Asajeni anandituma kuti ndikaitane anzathu chifukwa ndinali waliwiro. Ndili m'njira ndinamva mfuti kumbuyo. Kokaitanako sindinafike, pamlatho sindinabwerere. Ndinalowa m'ngalande ya pansi pa msewu, masiku awiri. Onse asanu ndi anayi anathera pomwepo."

"Pepani, ababa. Koma zimenezo ndi zakale. Phazili ndi la lero."

"Asajeni ankaitana mayina m'mawa uliwonse. Munthu mmodzi akasowa, palibe ankadya mpaka atapezeka. Papepala ine ndili nawo limodzi. Akawerenga akupeza khumi, akugona. Ukandichotsapo apeza asanu ndi anayi."

"Akufa sawerenga."

"Sunawadziwe asajeni iwe."

Make mapasa anali ndi ana awiri olemba mayeso, ntchito yosita zovala za eni ake kuyambira sikisi m'mawa, ndi mwamuna woyendetsa thiraki yemwe ankabwera kawiri pamwezi kudzasintha malaya. Nthawi yokangana ndi asajeni a kumanda analibe. Mawa lake masana, a Kopolo atagona tulo tawo ta pampando, kukamwa yasa, anatenga inki ya chidindo yomwe anabwereka kuntchito. Anawagwira chala chachikulu pang'onopang'ono ngati akudula zikhadabo za khanda, n'kuchidinda pafomu. Anachipukuta ndi kansalu konyowa. Sanadzuke.

Lachinayi anakolopa m'nyumba, anaitana mlamu wake, mkazi wa mchimwene wake, kuti adzakhale ndi odwala, iye n'kunyamuka.

Ofesi ya mafayilo inali pansi penipeni pa nyumba yaikulu. Anatsika masitepe awiri, kenako enanso, fungo la fumbi ndi chinyezi likukulirakulira. Mawindo munalibe. Getsi limodzi lalitali linkaphethira. Kuseri kwa kauntala kunali kalaliki wokalamba, magalasi ake omanga ndi ulusi, ndipo kumbuyo kwake mashelefu anapita mpaka komwe kuwala sikunkafika.

Kalalikiyo anawerenga nambala ya usilikali pafomu, analowa mumdimamo, ndipo anatenga nthawi. Anabwera ndi mtolo wa mafayilo omangidwa ndi chingwe chimodzi.

"Ndapempha imodzi, akalaliki."

"Awa amakhalira limodzi, mayi. Gulu likathera malo amodzi timalimanga pamodzi."

Anamasula mfundo ndi zikhadabo, n'kusolola fayilo ya pansi. Munali chithunzi cha mnyamata wa makutu aakulu, makutu a mapasa ake enieni. Pansi pa chithunzi panali chidindo chofiira: ANAMWALIRA. Kalaliki anatembenuza mapepala mpaka anapeza kena kakang'ono kachikasu, kolembedwa ndi pensulo.

"Nachi chinakupherani bambo anu. Uthenga wa pawailesi wochokera kumlatho. Werengani."

Panali mawu awiri okha. Kopolo watisiya.

"Mwaona? Wotumiza ankanena kuti munthu wachoka, watisiya pano. Koma wolandira anali woleredwa bwino. Atamva kuti watisiya, anavula chipewa n'kutenga chidindo."

Make mapasa anaseka kamodzi, kuseka kopanda chimwemwe. Zaka makumi anayi, chifukwa cha ulemu wa munthu mmodzi.

"Ndiye konzani. Koma musalembe kuti anathawa."

"Palibe pepala lonena zimenezo. Ine ndimalemba zomwe zili papepala." Kalaliki anaika chala pakona ya kapepalako. Kenako anatsegula fayilo ina, ndi inanso, n'kuziyala pakauntala. "Koma taonani apa. Awa onse anafa pa 12. Asajeni pa 12. Wogwira wailesi pa 12, wailesi yake anaipeza itaphwanyika. Uthengawu unalandiridwa pa 14."

"Ndiye anatumiza ndani?"

"Ine ndimangosunga mapepala, mayi."

"Analakwitsa tsiku basi. Poti analakwitsa kale zina."

"Mwina. Muno zolakwika n'zambiri kuposa mphemvu." Anakweza fomu kufupi ndi getsi. "Eni ake avomera?"

"Chala chawo ndi icho."

"Chala chogona ichi. Munthu ali maso amadinda ndi mimba ya chala, osati ndi m'mbali."

"Akalaliki, phazi la bambo anga likununkha. Ana anga akudyera panja. Mukufuna ndiwabereke kumsana nditsike nawo masitepe anuwa?"

Kalaliki anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. Anatenga lula ndi cholembera chofiira, analemba mzere wowongoka pa mawu akale aja, ndipo pamwamba pake analemba kuti ALI MOYO. Anayang'ana wotchi ya pakhoma, n'kulemba nthawi: teni pasiti thuu. Anasaina. Chidindo chitangoti phaa, kumapeto kwa mashelefu kunamveka chiphokoso chimodzi, ngati anthu ambiri aimirira nthawi imodzi.

"Mapaipi," anatero kalaliki, koma sanacheuke.

Anamanganso mafayilo otsalawo. Chingwe chinali chitazolowera khumi, ndiye mtolo unkakhwepa. Anakoka mfundo kawiri, sunagwirebe. Anam'patsa kalata yopita nayo kuchipatala, n'kunena kuti, "Pitani molunjika kunyumba, mayi. Musadzere kumsika."

Kunja dzuwa linali phwee. Mvula inali isanagwe kwa miyezi inayi, ndipo fumbi linkalowa m'mano. M'basi anagwira kalata ija pachifuwa, akuwerengera m'mutu zoti alongedze: mapijama, thawulo, kapu, mankhwala a shuga, kawailesi kawo. Jombo ayi. Jombo zitsala, alire alire.

Anapeza mlamu wake atakhala pasitepe ya pakhonde, manja ali m'mutu.

"Alamu," anatero mlamuyo. "Atisiya."

"Atisiya kutani? Nenani bwinobwino. Mawu amenewo andikwana lero."

"Ndinangopita kuseri kukaanula zovala. Ndinamva akukuwa, mawu amphamvu ngati a mnyamata, akuti, 'Ndilipo, bwana!' Ndimayesa akulota. Pomwe ndimalowa..."

"Nthawi yanji?"

"Thuu itangodutsa."

"Kunabwera anthu?"

"Geti munakhoma nokha, alamu. Kiyi muli naye ndinu. Ine sindinalowenso, ndikuopa."

Make mapasa anakankha chitseko. A Kopolo anali pampando wawo, msana uli chilili, chibwano m'mwamba, manja pamaondo. Maso anali otsegula, akuyang'ana kukhomo. Jombo anali atavala zonse ziwiri, zingwe zomanga mpaka pamwamba, ngakhale kuphazi lotupa lija lomwe kwa mwezi wathunthu silinkalola ndi sokosi yomwe.

Kenako anaona pansi. Simenti yomwe anakolopa m'mawa inali matope okhaokha, matope akuda onunkha mtsinje, asanaume. Anali mapazi a jombo. Analowa pakhomo mumzere, n'kuima moyandikana kutsogolo kwa mpando, zidendene pamodzi.

Iye anali munthu wowerenga chilichonse, masokosi, mapilisi, mapilo a eni ake kuntchito. Anawerenga asanaganize. Oima kutsogolo kwa mpando analipo asanu ndi anayi. Anatsata mzere wotuluka mpaka pakhomo, pomwe matope anangothera pasitepe. Otuluka analipo khumi. Womaliza ankakoka phazi lamanzere.

Anagwada, n'kuwatseka maso. Pachala chawo chachikulu, m'mbali mwa chikhadabo, munali mutatsalira kainki komwe kansalu kaja sikanachotse. Anakapukuta ndi malovu, sikanachoke. Anapinda kalata ya kuchipatala kanayi, n'kuiika m'thumba la malaya awo.

"Ndimafuna phazi lanu lipole, ababa," anatero. "Basi."

Kusukulu belu linali litalira kale. Mapasa akanatha kufika nthawi ina iliyonse.

"Alamu! Kaimeni pageti, ana asalowe kaye. Muimbire amuna anu. Koma choyamba ndipatsireni ndowa ndi chikolopa."

Anayambira kumpando, akubwerera chammbuyo kulowera kukhomo. Madzi anasintha katatu. Mapazi a asajeni ndi anthu awo anachoka mosavuta. A womaliza aja anawalambalala, n'kukolopa m'mbali mwake, mpaka anafika pasitepe. Anaima pamenepo chikolopa chikudontha m'manja, akuyang'ana mzere umodzi wotsalawo ukuuma.