Ng'ombe ya Malemu Takele

"Ng'ombeyo usaimasule!" Melkamu anakuwa ali kuseri kwa mzere wa miyala. Sakanaudumpha. Ndiye ananyamula mtembo wa bambo ake, a Takele, ndipo wokhudza mtembo amakhala kunja kwa mudzi mpaka atayeretsedwa.

Kukhola, mng'ono wake Adisu anali atagwira kale chingwe kuti akaigulitse ng'ombeyo. Pambali pake panaima Gebeyehu, wodzitcha mneneri, munthu wa pakamwa ponona ngati batala amene ankadzola m'tsitsi lake. Ankauza anthu kuti agulitse zonse, anyamuke wapansi kupita ku Yerusalemu, nyanja ikawagawikira. Banjali linali ndi ng'ombe yolimira imodzi yokhayo, mvulanso ili pafupi.

"Achimwene, khalani phee komweko," anatero Adisu. "Munthu wa Mulungu wanena."

"Wanena! Si yemweyu ananena kuti bambo adzuka, adya nafe Pasaka? Nanga dothi lili m'zikhadabo zangali ndi la kuti?"

Gebeyehu anamwetulira. "Mwana wanga, Yona anati Nineve agwa, koma sanagwe. Ndiye kuti anali wonama?"

Apa m'pamene mayi awo, a Tiruwork, anatuluka m'nyumba, mawu atasasa ndi kulira.

"Yona analosera tsoka, anthu analapa, Mulungu anakhululuka. Tsoka limabwezeka. Koma chabwino chimene Mulungu walonjeza sachibweza. Inu munalonjeza moyo, mwamuna wanga ali m'manda. Chilamulo chimati wotere usamuope. Ine sindikukuopani."

"Mayi, pakamwa panupo padzakupwetekani," anatero Gebeyehu.

"Eya, loserani zomwezo. Tsoka ndiye lotchipa, likapanda kubwera mudzati ndalapa."

Anthu obwera kudzapepesa anabisa nkhope m'nsalu, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. A Tiruwork analanda chingwe m'manja mwa Adisu, n'kuchimanganso pachikhomo mfundo ziwiri. Mnyamatayo anagwa nkhope, manyazi atam'gwira.

Gebeyehu anatola ndodo yake. Asanafike patali, mayiwo analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mkate wa pamaliro.

"Amayi, mukum'patsanso mkate?" Melkamu anakuwa.

"Bambo ako sankabweza munthu ndi njala, ngakhale wabodza. Kungoti wabodza ankamudyetsera panja."

Anautula pamwala kunja kwa mpanda, n'kutseka chipata.